Kalata Yomata ya Philomena

"Nakamba kale, mapepala aya apsa lero. Bweretsa kuno!"

"Baba, muyambe mwaotcha ine. Mukatsiriza ndiye muotche mapepala."

Anali a Jekapu ndi mwana wawo Philomena, m'mawa mame asanaume. Ine ndinali kuseri kwa msasa wanga ndikutsuka mbale, ndipo sindinavutike n'kutchera khutu. Misasa imene tinamanga pafupi ndi Katondwe, titathawa ndege za nkhondo za ku Rodeshiya kwathu ku Kavalamanja, inali ya udzu wokhawokha. Munthu akayetsemula kwa a Jekapu, kwathu kuno mwana ankadzidzimuka. Dzina langa ndine Tisiyenji. Ndadzitchuliratu chifukwa m'nkhani ino nanenso ndili ndi gawo langa, ndipo si lonyaditsa.

"Uganiza niseka?" anatero a Jekapu. "Dzulo pa mzere wolandira chimanga, nitangofika ine, anthu anasendera monga nili na khate. Ine Jekapu, wamene ninawolotsa theka la mudzi uno pa mwadiya wanga!"

"Tsitsani mawu, muitana anthu," anawachonderera akazi awo, a Agineza.

"Anthu anaitanidwa kale na mwana wako uyu. Iwe Philomena, digiri unatenga kale ku Lusaka. Tinavina, tinapha mbuzi. Manje iyi yachiwiri ni ya chani? Munthu avala zipewa ziwiri pa mutu umodzi?"

"Yoyamba ija inanipatsa nchito yophunzitsa ana Chifalansa, baba. Iyi ni yofufuza. Nifuna kukaphunzira mabuku awo bwinobwino, na mwamene zilankhulo zimayendera, kuti Chikunda chathu nacho chilembedwe monga mwamene iwo analembera chawo."

"Chikunda chikalembedwe ku Falansa? Chasowa pepala kuno?"

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero a Agineza mwapansipansi.

"Iwe khala chete. Ng'ona zamene zinachoka pa dziwe chaka chino zili kuti?"

Ndinasuzumira pa mpata wa udzu. Philomena anali atakhala pa sutukesi yake, atakumbatira envulopu yaikulu yakhaki pachifuwa ngati mwana wodwala. Sukulu ya sekondale imene ankaphunzitsako inali itatsekedwa chifukwa cha nkhondo, n'chifukwa chake anali m'msasa ndi makolo ake. Anatulutsa za mu envulopumo chimodzichimodzi n'kumaziyala pa mphasa: mafomu a yunivesite ya ku Falansa, masatifiketi ake, ndi nkhani ya masamba makumi awiri imene analemba m'Chifalansa, yoyerekeza nyimbo za opalasa bwato ndi ndakatulo za azunguwo. Pomaliza anatulutsa kaenvulopu koyera, komata, kokhala ndi siginecha ya inki yabuluu yodutsa pamene anamatapo.

A Jekapu anakatenga n'kukayang'anitsa ku dzuwa. "Umu muli chani?"

"Ni kalata ya umboni. Analemba ni a Edmond, amene ananiphunzitsa ku yunivesite. Akamba za ine, ngati niyenera kutengedwa."

"Akamba kuti chani?"

"Sinidziwa."

"Kalata ni yako, ikamba za iwe, koma sudziwa zili mukati?"

"Ndiye lamulo lake, baba. Mphunzitsi alemba, amata, asaina pomata paja. Ine niinyamula chabe. Ikafika kuja yotsegula, aitaya, na mafomu onse atayira kumodzi, chifukwa aganiza kuti nalemba neka. Ndipo a Edmond anabwerera kwawo mwezi watha. Ngakhale keyala yawo nilibe. Kalata ina siingapezeke."

A Jekapu anaibweza msangamsanga ngati yawatentha. "Mayo ine. Wanyamula njoka m'thumba, ndipo ukana kuona ngati ni mbobo."

Tsiku limenelo mapepala sanapse. A Agineza anagwada pakati pa bambo ndi mwana mpaka a Jekapu anatuluka akutukwana nkhuku zosalakwa.

Chimene chinabala zonsezi chinali kabokosi kakuda kotapa mawu. Pa tchuthi cha Khirisimasi, tikadali kwathu ku mtsinje, Philomena ankayenda nako pa dooko. Ankakhazika pansi nkhalamba zodziwa kupalasa n'kumazifunsa mayina a nsomba, a maiwe, a zilumba ndi a madooko, liwu lililonse katatu, kenako n'kuzipempha nyimbo. Tinkamuseka kuti sukulu yamuzunguza mutu, munthu wa digiri kumafunsa dzina la pende. Nkhalamba zimene zinalankhulamo zinali zitatu: a João, a Mateyu ndi a Langford. Ndege zitabwera mwezi wa Malichi, onse atatu anafa. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Anali okalamba, miyendo inawakana pokwera phiri. Koma munthu amene wangoika maliro safuna chifukwa chophweka chotero.

Ndiye tsiku lina ku chitsime, tikudikira madzi kuti abwerere, ine ndinati, "Koma mwaona kuti onse amene anakamba m'kabokosi ka Philomena apita?" Ndinangonena ngati mmene munthu amalavulira munga wa nsomba, osaona kumene wagwera. Pofika madzulo kabokosi kanali katasanduka wailesi yolankhula ndi ndege. Pofika Lamulungu mayina a madooko aja anali mapu a asilikali a ku Rodeshiya, ndipo Philomena anali ndi dzina latsopano: kapirikoni, kazitape wa adani.

Amene sanakhaleko masiku amenewo sangadziwe kulemera kwa dzina limenelo. M'tchire munali anthu a mfuti a mitundumitundu: athu, omenyera ufulu a kutsidya, ndi ena ovala ngati awa koma ali a ku Rodeshiya. Aliyense wa iwo akamva kuti uje ndi kapirikoni, sankafunsa kawiri. Wogula nsomba wina wa ku Zumbo anakwezedwa lole chifukwa choti anali ndi wotchi yonyezimira. Njinga yake inakhala itatsamira mtengo mpaka matayala anaphwa.

Envulopu ija inkangodikira basi. Inkayenera kufika ku Falansa mwezi wa Meyi usanathe, koma basi inali itasiya kubwera chiphulikire bomba lokwirira pa msewu wa ku Boma.

Sabata yotsatira Tenson, mchimwene wake wa Philomena, anabwera masana akupuma ngati wathamangitsidwa. Iye anali m'gulu la anyamata olondera misasa.

"Anilanda mfuti," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Ati mlongo wa kapirikoni sangalondere anthu. Wamva, madamu? Wakondwa?"

"Achimwene, imwe mudziwa kuti ni bodza. Simunanyamule ndimwe kabokosi kaja tsiku lamene tinapita kwa a João?"

"Usakambe! Usakambenso zimenezo, wamva? Ufuna anikweze na ine?" Tenson anayang'ana uku ndi uku, ndipo ine ndinabweza mutu pa mpata wanga. "Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Baba, mvetserani. Mwadiya wa a malume ukali pa matete. Nimuwolotse apite ku Zumbo, akakhale kwa atete, mlongo wanu, mpaka zizizire."

"Kuti akambe kuti wathawira kwa amene anamutuma?" anayankha a Jekapu. "Ndipo pa madzi manje awombera chilichonse choyenda, ngakhale mvuu."

"Ndiye tiponye kabokosi m'chimbudzi."

"Mukataya, nizaonetsa chani tsiku lamene azanifunsa?" anatero Philomena. "Sinithawa, ndipo sinitaya kanthu. Nilibe mlandu."

"Wa wotchi uja anali na mlandu?"

Ndinamva a Agineza akufwenthera.

"Mwanangu," anatero iwo, "wakutsina khutu ni mnansi. Mlongo wako sakuzonda, aopa. Na ine niopa. Nsomba zanga zouma zakhala masiku asanu pa thandala, palibe wogula, ngakhale wofunsa mtengo. Dzulo mwana wa a Boyd anabwera kuzasewera, amake anamukoka monga wagwira moto. Nigona maso ali gwa, nikamva galimoto mtima uchita monga uzatuluka. Sukulu iyi, singadikire nkhondo ithe?"

"Nkhondo izatha liti, amai? Mafomu awa ninayamba kuwapempha chaka chatha. Ninalemba makalata asanu, anayankha imodzi chabe. Malo olipiriridwa ni awiri m'dziko lonse, ndipo chaka chamawa zaka zanga zipitirira pa malire amene anaika. Nikaphonya apa, naphonyeratu."

"Kuli bwino mphunzitsi wamoyo kupambana dokotala wa m'manda," anatero a Jekapu.

Madzulo ake ndinapita kwa a Agineza ngati wokapempha mchere. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, ngakhale njirayo inali mapazi khumi okha. Ndinkafuna kunena kuti ndine ndinayambitsa, ndipo ndipita ku chitsime kukabweza mawu anga. A Agineza anandithirira mchere m'dzanja, nati, "Inu nokha a Tisiyenji ndimwe mukali kulowa muno. Mulungu akudalitseni." Ndinaopa kuti ndikaikira kumbuyo Philomena, dzina lija lidumphira pa ine, ndipo ine ndinali ndi ana anayi opanda bambo. Ndinathokoza mchere n'kutuluka.

Lolemba la sabata yachitatu ndege inadutsa. Inali imodzi yokha, m'mwamba kwambiri, mwina sinkatifuna n'komwe. Koma tonse tinagwera m'maenje amene tinakumba kuseri kwa misasa, ana akulira, ena atadzinyowetsa. Mayi wina anathyoka mkono pogwa. Phokoso litazilala tinatuluka tili fumbi lokhalokha, ndipo popanda wouza mnzake, maso onse anatembenukira ku msasa wa a Jekapu. Mwala woyamba unagwa pa denga. Wachiwiri unaphwanya mtsuko wa madzi pakhomo.

A Boyd, tcheyamani wa chitetezo pa misasapo, ndiwo analetsa anthu. Musawaone ngati chilombo a Boyd. Anali munthu woseka kale, wosoka maukonde, koma anaika ana awiri tsiku limodzi mwezi wa Malichi uja, ndipo chiyambire pamenepo sankagona.

"Osaponya miyala," anatero. "Utsi sufuka popanda moto, koma moto tizaufuna poyera. Pa Chitatu tonse pa msawu paja. Naitana asilikali. A Jekapu, mubwere na mwana wanu, na katundu wake yense."

Tsiku lomwelo kunamvekanso kuti asilikali atsiriza kuchotsa mabomba mu msewu, ndipo basi ibwera Lachinayi m'mawa.

Lachitatu dzuwa linatentha ngati kuti nalonso laitanidwa ku mlandu. Tinakhala pansi pa mtengo waukulu wa masawu, amuna uku, akazi uku. Lole ya asilikali inaima chapafupi, injini osazimitsa. Sajeni wake anali wamfupi, wa maso otopa, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Philomena anakhala pakati yekha, kabokosi ndi envulopu zili patsogolo pake. Mabatire anayi anali atawayanika pa mwala chiyambire m'mawa kuti dzuwa liwapatseko mphamvu, poti atsopano anali atasowa m'masitolo kalekale.

"Iyi ndiye wailesi," anatero a Boyd. "Akulu atatu anakambamo, onse atatu tinaika. Tifuna atiuze amene amamvera ku mbali inayo."

"Kulibe mbali ina, a Tcheyamani," anatero Philomena. "Kamasunga chabe mawu. Lolani niyatse mumve."

Anthu amene anali kutsogolo anasendera m'mbuyo. Ena anayang'ana kumwamba. Philomena analowetsa mabatire n'kudina. Kanayamba ndi kulira ngati mphepo ya pa mtsinje. Kenako munatuluka mawu, olemera pang'ono chifukwa cha mabatire otopa, koma panalibe amene akanawasokoneza.

"Pende. Pende. Pende. Iwe mwana wa Jekapu, unifunsa katatu monga ndine wa giredi wanu? Lemba manje: mcheni. Uyo aluma, usamuseke." Kenako kuseka kuja kwa a João, kothera m'chifuwa. "Arminda! Arminda iwe, bweretsa fodya wanga, mwana uyu aniumitsa pakhosi!"

"Nabwera!"

Anali a Arminda, mkazi wamasiye wa a João, amene anayankha. Anali ataimirira kale, dzanja lili pa mfundo ya chitenje pamene ankamangapo fodya wa amuna awo. Ataona kuti tonse tikuwayang'ana, anakhala pansi pang'onopang'ono n'kudziphimba kumaso. M'kabokosi a João anayamba nyimbo yopalasira, ija yowolokera ku Zumbo madzi atadzaza, ndipo amuna akuluakulu anaweramitsa mitu. Ine ndinalira mokweza kuposa onse, ndipo anthu ankayesa ndikulira a João.

"Ba Tcheyamani," anatero sajeni, "iyi ni tepu chabe. Mulamu wanga ali nayo ku Matero, amvererapo nyimbo. Siingakambe na ndeke. Mwatiitanira izi?"

Pakanathera pamenepo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma a Boyd anali ataitana asilikali, atasonkhanitsa anthu, ndipo chisoni chawo chinali chisanapeze pokhala. Anatola envulopu yakhaki n'kuikhuthula. Sajeni anayang'ana masatifiketi, anayang'ana mafomu, n'kugwedeza mutu kuti ndi za sukulu. Kenako kaenvulopu koyera kanagwera pa fumbi.

"Nanga iyi?" anafunsa a Boyd. "Yomata, yosaina pamwamba. Ipita kuti?"

"Ku Falansa, pamodzi na mafomu."

"Analemba ndani?"

"Mphunzitsi wanga."

"Mzungu?"

"Inde."

"Ali kuti?"

"Anabwerera kwawo."

"Liti?"

"Mwezi wa Malichi."

Anthu anang'ung'udza ngati njuchi. Sajeni, amene anali atayamba kale kulowera ku lole, anabwerera.

"Muli chani mukati, ba sisi?"

"Sinidziwa, ba Sajeni. Siniloledwa kudziwa."

"Mwamva!" anakuwa a Boyd. "Mzungu amupatsa kalata, athawa mwezi wamene ana anga anafa, ndipo uyu ati sadziwa zili mukati! Tsegula!"

Philomena anafotokoza lamulo lija, monga anafotokozera bambo ake. Anafotokoza kawiri, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Koma kwa ife zinali ngati akutiuza kuti kuli dziko kumene munthu amagula mbuzi ili m'thumba. Kwathu kalata imawerengedwa pa gulu. Ikachokera ku migodi, mwana wa sukulu amaiwerenga mokweza pakhonde, ndipo anansi amamva nawo. Kalata imene mwini wake saloledwa kuona, ife tinali tisanaimvepo.

Sajeni anatuma msilikali pa njinga kukatenga a Luciana, namwino wa ku chipatala amene anakulira ku Lubumbashi ndipo ankadziwa Chifalansa. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu, injini ya lole ikungolira. A Luciana atafika anaitembenuza kalatayo, nawerenga zolembedwa kunja kwake.

"Mwana uyu akamba zoona," anatero. "Apa palembedwa kuti ni chinsinsi cha aphunzitsi. Makalata otere satsegula. Mukang'amba apa, mwamuphera sukulu."

"Sukulu na miyoyo ya anthu, chachikulu n'chiti?" anatero a Boyd.

Sajeni anapukuta thukuta. "Ba sisi, ine nilibe nthawi. Ngati ni ya sukulu, tsegulani, aba amai awerenge, tonse tipite. Mukakana, mukwera lole na kalata yanu, mukakambe na akulu ku kampu. Kuja sikuli monga kuno. Sankhani."

Philomena anayang'ana kalata, anayang'ana amayi ake amene anali atagwada kale manja ali m'mwamba. Kenako anatola kalatayo, anaipukuta fumbi ndi chitenje, naimirira. Anayamba kuyenda kulunjika ku lole.

Sindinaonepo chinthu choopsa ngati mayendedwe amenewo. Ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka pa mtengo umodzi. A Agineza anakuwa dzina lake. Tenson anabisa nkhope m'maondo. Ine ndinakhala pomwe ndinali, mawu aja a ku chitsime osawabweza.

A Jekapu ndiwo anadumpha. Munthu wa zaka zawo, sindikudziwa kumene anatenga liwiro limenelo. Anamugwira mwana wawo pa dzanja atatsala pang'ono kugwira chitsulo cha lole, anamupotokola zala, nalanda kalata.

"Baba, iyayi! Baba!"

Pwee! Anaing'amba ndi chala chawo chachikulu, chija chokhakhala ndi nkhafi, kudutsa pakati penipeni pa siginecha. Anatulutsa pepala n'kulipereka kwa a Luciana.

"Werengani, amai. Werengani zonse. Ngati mwana wanga ni kapirikoni, nikwera naye."

A Luciana anavala magalasi. Ankawerenga mzere m'Chifalansa chamumtima, kenako n'kutiuza m'Chinyanja.

"Ati, kwa aphunzitsi anzanga. Pa zaka khumi na ziwiri zamene naphunzitsa mu Africa, sininaone wophunzira wina monga Philomena. Ati, awerenga mabuku athu monga anabadwira mwa iwo, koma chamene chinidabwitsa ni khutu lake. Amva kusiyana kwa mawu kwamene ine, mphunzitsi wake, sinikumva." A Luciana anatsitsa chala pa mzere wotsatira. "Ati, ninamufunsa kumene anaphunzira kumvetsera motere. Ananiuza kuti ni kwa atate ake, msodzi wa pa Zambezi, amene adziwa mtundu wa nsomba pakumva chabe mwamene yamenyera madzi. Ati, anthu a kwawo ali na chilankhulo cholemera chamene sichinalembedwe mokwanira. Mukamutenga, azakhala woyamba wa iwo kuchilemba. Mukamusiya, mwataya, ndipo anthu ake ataya koposa. Yatha."

A Jekapu anali ataima pakamwa pali yasa. Misozi inkatsikira m'ndevu zawo ndipo sanaipukute.

Amene anayambitsa nthungululu sindikumudziwa. Ndinangomva yalira, ina n'kulandira, kenako anthu onse akuwomba m'manja, omwe aja anaponya miyala Lolemba. "Mwana wathu! Mwana wa pa Kavalamanja!" Nanenso ndinawomba, ndisaname. A Boyd anachoka mwakachetechete osayang'ana munthu. Sajeni anakwera lole yake. Pakati pa chisangalalo chonsecho Philomena anali atakhala pa fumbi, akuyang'ana kaenvulopu kong'ambika kali m'manja mwa bambo ake. Ndi a Luciana okha amene sanawombe m'manja.

M'mawa mwake, ndikupita kukatola nkhuni, ndinapeza a Jekapu pansi pa msawu paja atagwada, akupapasa m'fumbi.

"Mwataya chani, a Jekapu?"

"Kapepala. Kakang'ono monga chikhadabo. Pong'amba paja kanadukako, kali na mchira wa siginecha ya mzungu uja."

Ndinatula chingwe changa n'kugwada nawo. Tinasefa fumbi ndi zala, tinatembenuza masamba ndi nthangala za masawu, malo onse amene mapazi a anthu mazana awiri anapondaponda povina. Kupepesa kwanga konse kunathera pamenepo, pa maondo, ndipo iwo sanadziwe n'komwe kuti ndikupepesa. Kapepalako sitinakapeze.

Tinabwerera limodzi. A Jekapu anakhala pakhomo la msasa, anabwezera kalata mu kaenvulopu, natenga ulimbo umene Tenson ankatchera mbalame kale, wouma theka, n'kuufewetsa ndi malovu. Anamata mosamala ngati akumata bwato lobooka, akuyesa kukumanitsa mbali ziwiri za inki yabuluu. Zinkakana. Pakati pankatsala kampata, ndipo chala chawo chinasiyapo chidindo chakuda.

Philomena anali atakhala pa sutukesi yake, manja ali pa maondo. Sanalire, sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ona, mwanangu, yagwira," anatero a Jekapu. "Siioneka kwambiri. Anthu ophunzira monga aja, akawerenga zamene zili mukati, angakusiye? Mzungu wakamba yekha kuti akakusiya ataya."

"Sazafika mukati, baba. Kalaliki aona pomata, aika pambali."

"Ndiye uwalembere. Uwauze kuti ndine ninang'amba, tate wako, msodzi uja wamene mzungu wakamba. Uwauze kuti panali lole. Kodi iwo sadziwa kuti kuno kuli nkhondo?"

Philomena anatenga fomu ija, anaitembenuza kutsogolo ndi kumbuyo, ngati akufunadi kuwapezera.

"Pa fomu palibe malo olembapo zimenezo, baba."

Kumsewu basi inaliza hutala, yoyamba pa masabata asanu. A Jekapu analonga okha mapepala onse mu envulopu yakhaki, naikamo kalata yawo ya ulimbo, nathamanga nayo opanda nsapato, akukuwa kuti dalaivala adikire.

Philomena sanawayang'ane n'komwe. Anatenga ndowa n'kulowera ku chitsime, ine ndili pambuyo pake. Titafika, amayi onse amene anali pa mzere anachotsa ndowa zawo, namusiyira malo kuti atunge poyamba.